Si Mvula Yokha Imene Imawoletsa Mango

Mango akayamba kuchita madontho akuda mu Disembala, ambiri kuno ku Mchinji timangoti mvula yawaononga. Pa msika wa Kamwendo amayi amasankha m'lichero, odetsedwawo n'kutaya, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma mvula imangofalitsa. Choyambitsa ndi matenda a fangasi (tizilombo tosaoneka ndi maso) otchedwa anthracnose, omwe amabisala m'tinthambi touma, m'masamba odwala ndi m'mango ofota amene amatsalira mumtengo. Madontho a madzi akagwera pamenepo, amanyamula tizilomboto kupita pa maluwa ndi pa timango tanthete. Chopweteka n'chakuti tikalowa pakhungu timakhala phee, osaonetsa chizindikiro, mpaka bango litayamba kupsa. N'chifukwa chake mumathyola looneka bwinobwino, koma likakhala m'dengu masiku angapo limada n'kubonyoka.

Choncho kuthamangira mankhwala mango atada kale n'kutaya ndalama. Ntchito yake imayamba mukangomaliza kukolola: dulirani nthambi zouma ndi zothinana kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa, tolani zogwa pansi mukwirire kapena mutenthe. Amene mumagulitsa mango, poperani mankhwala a kopa kuyambira pomwe mitengo ikuchita maluwa, ndipo mlingo wake funsani alangizi a zaulimi.