Bondo likamapweteka, gule asathe

Anthu ambiri amene amabwera kwa ine ndi bondo lopweteka kwa miyezi amakhala atasiya kale kuvina, ena ngakhale kuyenda kamtunda. Amati akulisunga kuti lisaperepeseke. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa pa nyamakazi ya m'mawondo, kungokhala n'kumene kumakulitsa vuto.

Kumapeto kwa mafupa a m'bondo kuli chicherewecherewe chosalala. Chimenechi chilibe mitsempha ya magazi, chakudya chake chimachokera m'madzi a m'bondo momwemo. Mukaponda chimafinyika ngati chinkhupule, mukanyamula phazi chimayamwa madzi ena. Bondo losagwiritsidwa ntchito limauma, ndipo minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, imene imalichirikiza, imafooka msanga. Ikatero, thupi lonse limatsamira pa bondolo.

Choncho vinani, koma mwanzeru. Chimene bondo limadana nacho kwambiri ndi kupotoza thupi phazi litakanirira pansi. Potembenuka nyamulani phazilo, mutembenuke ndi timasitepe ting'onoting'ono. Kudumpha ndi kunjuta mpaka pansi muyambe mwazisiya. M'chiuno, mapewa ndi manja muli gule wokwanira. Valani nsapato zafulati, ndipo pasimenti musachedwepo. Musanayambe, yendani kaye mphindi 5 kuti thupi litenthe.

Nanga ululu? Kumva kuwawa pang'ono povina sikutanthauza kuti mukuwononga kanthu. Ine ndimawauza odwala anga kuti aziliona bondolo mawa lake. Ngati pakatha maola 24 labwerera mmene linalili, munachita bwino. Ngati latupa kapena likupweteka kuposa kale, munapitirira muyeso: chepetsani nthawi, koma osasiyiratu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuvina kumawerengedwa. Simukuyenera kufikapo lero. Mphindi 10 n'chiyambi chabwino. Onjezerani kulimbitsa ntchafu kawiri pa sabata: khalani pampando, imirirani osagwira kanthu, mukhalenso pang'onopang'ono, kakhumi. Kwa amene ali ndi thupi lalikulu, kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 nthawi iliyonse mukaponda.

Koma pali nthawi imene sindifuna kuti muvine. Bondo likatupa mwadzidzidzi, likatentha n'kufiira, makamaka thupi likamatenthanso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Likamakana kuwongoka, kapena likamapindika lokha mpaka kufuna kukugwetsani, kalionetseni kaye kwa dokotala musanabwerere m'bwalo.