Khalidwe la makhansala ndi ogwira ntchito kukhonsolo: mafunso amene timamva ku Zomba kuno

Kodi malamulo a khalidwewa akukhudza ndani?

Aliyense wogwira ntchito m'dzina la khonsolo, kaya ya mzinda wa Zomba kapena ya boma la Zomba: meya, makhansala, DC, a zaumoyo oyendera malo odyera, mpaka wodula tikiti pamsika wa Songani kapena wa Thondwe. Makhonsolo amayendera lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, koma muzu wa nkhani uli m'ndime 12 ya malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Ndimeyi ikuti mphamvu za boma ndi za anthu, ndipo wozigwiritsa ntchito anangosungitsidwa.

Ndikapatsa wa kukhonsolo "ya fanta" kuti mapulani a nyumba yanga adutse msanga, ndalakwa?

Mwalakwa nonse awiri. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, lomwe linawonjezeredwa mphamvu mu 2004, limagwira wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 12 m'ndende. Kuchepa kwa ndalama sikuchotsa mlandu. Wogwira ntchito m'boma akalonjezedwa kapena kupatsidwa chiphuphu, lamulo likumulamula kukanena kupolisi kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB pasanathe maola 48.

Apa ambiri amati, "Koma ife kuthokoza ndi mwambo wathu." Ndi zoona, ndipo sindikuunyoza mwambowo. Koma tadzifunsani: fayilo yanu idakali patebulo pake? Ngati ilipo, nkhuku imene mwanyamulayo siyothokozera ayi, ikukagula malo a mayi wa ku Chikanda amene anabwera chimanjamanja inu musanafike. Zimenezi n'zimene zimandipweteka mtima, chifukwa wosauka ndi amene amakhala pabenchi tsiku lonse nauzidwa kuti abwere mawa.

Ndalama yovomerezeka imakhala ndi lisiti. Wodula tikiti akati mupereke theka koma osalandira tikiti, dziwani kuti ndalamayo sikafika kukhonsolo, ndipo zinyalala za pamsika waukulu wa Zomba zidzasowa wozichotsa.

Khansala wathu ali ndi kampani yomanga. Angapatsidwe ntchito yomanga mlatho m'wodi yake?

Kukhala ndi bizinesi si mlandu. Mlandu ndi kubisa. Nkhani imene iyeyo kapena m'bale wake wapafupi angapindule nayo ikafika pamsonkhano, ayenera kuulula, ndipo asakambe nawo kapena kuvota. N'chimodzimodzi wogwira ntchito amene ali m'komiti yogula katundu wa khonsolo, ngati mmodzi mwa opikisanawo ndi mkazi wake. Ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) nazonso si za phungu kapena khansala; ndi za boma, ndipo zimayenera kudutsa m'ndondomeko ya kagulidwe ka katundu wa boma. Kugwiritsa ntchito udindo pofuna kudzipindulitsa kapena kupindulitsa wina ndi mlandu pawokha, ngakhale pasapezeke envulopu imene inaperekedwa.

Nanga chuma chawo amachilengeza?

Inde. Lamulo la 2013 likuti akuluakulu amene latchula, kuphatikizapo osankhidwa ndi anthu, alembe katundu, ngongole ndi mabizinesi awo pasanathe miyezi itatu atalowa paudindo, kenako chaka ndi chaka. Amene moyo wake ukuposa malipiro ake angafunsidwenso ndi ACB kuti afotokoze kumene anapeza chumacho.

Andikaniza chiphaso cha bizinesi osandiuza chifukwa. N'zololedwa?

Ayi. Ndime 43 ya malamulo aakulu ikukupatsani ufulu wouzidwa zifukwa mochita kulemba ngati chigamulo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu wanu. Ndipo kuyambira pa 30 September 2020, pamene lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito, mukhoza kupempha kuona bajeti ya khonsolo kapena mtengo wa chitukuko cha m'dera lanu. Tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndiye ena mwa ife tinazolowera kuti za kukhonsolo n'zosafunsa. Funsani ndithu, mwaulemu koma polemba kalata.

Ndikadandaule kuti?

Ngati ndi mwano, kuchedwetsa dala kapena kukondera, yambani ndi kalata kwa DC kapena kwa mkulu wa khonsolo ya mzinda. Zikakanika, pitani ku ofesi ya Ombudsman, yomwe imamva madandaulo okhudza maofesi a boma, komwe salipiritsa. Ngati ndi chiphuphu, pitani ku ACB, yomwe ili ndi ofesi mu Zomba mom'muno, ndipo lamulo limateteza dzina la wotsina khutu. Popita kumeneko mukhale mutalemba tsiku, ofesi, zimene munauzidwa ndi ndalama imene anatchula. Kalata iliyonse imene mwapereka kukhonsolo muichititse fotokope, ndipo mupemphe kuti akudindireni kope lanulo.