Za chule woledzeretsa uja

Abale, zaka ndi zaka tikungomva nkhani yomweyi m'makombi a ku Mbare ku Harare, eti ukanyambita chule umaona masomphenya ndipo poti ndi zachilengedwe palibe choopsa. Sizoona. Mankhwala oonetsa masomphenya amene amanenawo, otchedwa 5-MeO-DMT, amapezeka mu poizoni wa chule wa ku chipululu cha Sonora, ku Mexico ndi Arizona uko, komanso mu zomera zina za ku South America, osati achule athu a mu mtsinje wa Mukuvisi ayi. Ndipo poizoni wa achule otere amasokoneza mtima, munaonapo galu akutuluka thovu kukamwa ataluma chule? Ndi zimenezo. Lembani Incilius alvarius, dzina la sayansi la chule wa ku Sonora uja, pa intaneti muone mapu a komwe amakhala, kapena funsani ku famase, musamangotumiza m'magulupu zinthu musanafufuze chonde.