Lamulo la ku Britain la galimoto zodziyendetsa zokha: mafunso ndi mayankho

Kodi lamuloli ndi liti?

Limatchedwa Automated Vehicles Act ndipo linavomerezedwa mu Meyi 2024, potsatira lipoti la 2022 la mabungwe ounika malamulo a ku England, Wales ndi Scotland.

Galimoto ikachita ngozi ikudziyendetsa yokha, wolakwa ndani?

Apa ndiye pagona nkhani. Ngati galimotoyo inavomerezedwa ndi boma ndipo inali kudziyendetsa panthawiyo, munthu wokhala pachiwongolero sazengedwa mlandu wa kayendetsedwe koipa. Woyankha ndi kampani yomwe inapatsidwa chilolezo. Munthuyo amakhalabe ndi udindo wake: akhale ndi laisensi, asaledzere, aonetsetse kuti inshulansi ilipo, ndipo galimoto ikamupempha kugwira chiwongolero, agwire. Wovulala amalandira chipukuta misozi kuchokera ku kampani ya inshulansi, malinga ndi lamulo lina la 2018.

Ine ndimaona kuti apa boma linachita bwino. Mu 2018 mumzinda wa Tempe, ku Arizona m'dziko la America, galimoto yodziyendetsa yokha ya kampani ya Uber yomwe ankaiyesa inagunda ndi kupha mayi wina akuwoloka msewu, ndipo amene anatengeredwa kukhoti ndi dalaivala woyang'anira yemwe anali m'katimo. Ndani angakhulupirire makina oti akalakwitsa, mlandu ukugwera iye?

Nanga galimotozi ziyenera kuyendetsa bwino motani?

Mofanana ndi dalaivala wosamala komanso wodziwa ntchito yake, kapena kuposa pamenepo. Muyeso si dalaivala wamba amene amagodomala ndi foni ali pamsewu.

N'chifukwa chiyani lamuloli likukhudzanso mawu otsatsira malonda?

Chifukwa anthu ambiri amadziwa galimotozi kudzera m'mawu asanazione n'komwe. Dzina ngati Autopilot, lomwe kampani ya galimoto ya Tesla inapatsa makina ake othandiza dalaivala, limamveka ngati munthu akhoza kugona tulo, chonsecho kampaniyo imanena kuti dalaivala ayenera kukhala tcheru nthawi zonse. Lamuloli likuti ndi mlandu kutsatsa galimoto mopangitsa ogula kuganiza kuti imadziyendetsa yokha pamene boma silinaivomereze.

Kodi chilolezo chingalandidwe?

Inde, boma lili ndi mphamvu yochiimitsa kapena kuchilanda. Ku California zoterezi zinachitika mu Okutobala 2023, pamene galimoto yopanda dalaivala ya kampani ya Cruise inakhwekhwereza munthu woyenda pansi ku San Francisco. Akuluakulu oona za magalimoto anaimitsa chilolezo cha kampaniyo mwezi womwewo.