Kiyibodi ikamalemba zosiyana ndi zimene zili pa batani

Mayi ena anabwera pamalo anga okonzera makompyuta atanyamula kiyibodi, akudandaula kuti awagulitsa chinthu chakufa, chifukwa akadina batani la @ polemba adiresi ya imelo pankatuluka timizere tiwiri togwira mawu. Kiyibodiyo inalibe vuto lililonse. Inali ya ku Britain, pomwe Windows ya pa laputopu yawo inatcheredwa kuti iziwerenga mabatani monga a ku America, ndipo titasintha zimenezi @ anabwerera pamalo pake.

Chimene anthu ambiri sadziwa ndi chakuti kiyibodi situmiza chilembo ku kompyuta. Imangotumiza nambala yosonyeza malo a batani limene ladinidwa, kenako pulogalamu yoyendetsa makina, kaya ndi Windows, macOS, Linux kapena Android, ndiyo imatanthauzira nambalayo kukhala chilembo. Katumizidwe kameneka kamatsata lamulo limodzi lotchedwa HID, limene linakhazikitsidwa USB itangoyamba mu 1996, ndipo ndi chifukwa chake kiyibodi wamba ya chingwe imayamba kulemba mukangoilumikiza, ngakhale pa foni ya Android mukagwiritsa ntchito kolumikizira ka OTG. Bluetooth nayo imatsata lamulo lomwelo.

Kwathu kuno, kumene makompyuta ambiri ndi a kaunjika ochokera maiko osiyanasiyana, chisokonezochi chimachuluka. Pa kiyibodi ya ku America @ amakhala pa nambala 2 ndipo # ali pa 3, pomwe pa ya ku Britain pa 3 pali chizindikiro cha £. Mukhoza kuzisiyanitsa ndi maso: ya ku America ili ndi mabatani 104 ndi Enter wopingasa, ya ku Britain ili ndi 105 ndi Enter wamtali wotsika mizere iwiri. Ya Chipwitikizi, imene abale athu a ku Tete amaidziwa bwino, ili ndi batani la Ç, ndipo ya ku France imayamba ndi AZERTY. Vutoli limapweteka kwambiri pa pasiwedi, popeza zilembo zimabisika ndipo munthu amangoona akukanidwa osadziwa cholakwa chake. Pa Windows, mukawonjezera kiyibodi yoyenera pa zokonda za chilankhulo, mumasinthasintha podina batani la Windows pamodzi ndi batani lalitali lodumphira.

Pakati pa Mac ndi Windows nkhani yagona pa mabatani a mzere wapansi. Kiyibodi ya Windows ikalumikizidwa ku Mac, batani la Windows limagwira ntchito ya Command ndipo Alt amakhala Option, koma malo awo ndi osemphana, moti chala chozolowera chimaphonya. Kukoperanso kumasintha kuchoka pa Ctrl ndi C kupita pa Command ndi C. Mac imalola kusinthanitsa mabataniwa pa gawo lotchedwa Modifier Keys, ndipo ine ndimaona kuti kuchita zimenezi n'kwanzeru kusiyana ndi kuwonongera ndalama pa kiyibodi ina.

Kusagwirizana kwenikweni kulipo, koma kumakhudza zowonjezera. Chowerengera chidindo cha chala pa Magic Keyboard, kiyibodi ya kampani ya Apple, chimagwira ntchito pa Mac zokhala ndi purosesa ya Apple zokha, ndipo mapulogalamu osinthira nyali ndi mabatani apadera kawirikawiri sapangidwira Linux. Kiyibodi ya Bluetooth nthawi zambiri siyankha kompyuta ikamayaka kumene, choncho wofuna kulowa mu BIOS, gawo la zokonda limene limatsegulidwa Windows isanayambe, asunge ya chingwe, kapena ija yokhala ndi kachipangizo kolowetsa pa USB.

Olemba Chichewa ali ndi funso lawo: nanga ŵ wa mu dzina la Malaŵi amapezeka pati? Palibe kiyibodi ya pamsika imene ili ndi batani lake, koma makina amamudziwa, chifukwa amalembedwanso m'chilankhulo cha ku Wales. Pa Windows, sankhani kiyibodi ya United Kingdom Extended pa zokonda za chilankhulo, dinani AltGr (Alt wa kumanja) ndi 6, kenako w. Mu Microsoft Word lembani 0175 ndipo nthawi yomweyo mudine Alt ndi X. Pa Linux, mukasankha pa zokonda batani loti likhale Compose, lophatikizira zilembo, mumalidina n'kutsatiza ^ kenako w.