Masipika ambiri sakulitsa mphamvu ya kaampulifaya

Anyamata okonda zokonzakonza ku Kapata amauzana kuti ukaphatikiza masipika ambiri pa kaampulifaya, mphamvu imachuluka. Si zoona ayi.

Malire a mphamvu ali pa chipu (kachipangizo kokulitsa mawu m'kati mwa kaampulifaya) ndi magetsi amene mukuipatsa. Chipu yotchedwa TDA2030, yopezeka m'timaampulifaya tambiri, imatulutsa mawati pafupifupi 14 pa sipika ya maohmu 4 (maohmu ndi muyezo wa mmene sipika imakanizira magetsi). Mukamanga masipika awiri otere, waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, maohmu amatsika kufika pa 2. Chipu imakoka magetsi opyola muyezo, chitsulo chake choziziritsa chimatentha moti chala sichingakhalepo, mawu amasasa, kenako zii. Ndinaonapo ina ikununkha kupsa ukwati uli mkati, zinandipweteka mtima.

Ngati mukufunabe awiri, alumikizeni motsatizana, waya wakuda wa sipika yoyamba kwa wofiira wa yachiwiri, maohmu akhale 8. Mawu atsikako pang'ono, koma chipu sipsa.