Khadi la chipani ndi njira ya ku Muloza

Tsiku la Kamuzu likafika pa 14 Meyi, mtsutso umabukanso kuno ku Mulanje: ena amakumbukira misewu ndi chimanga chodzadza nkhokwe, pomwe ena, makamaka a Mboni za Yehova, amakumbukira khadi.

Kutamanda Dr. Hastings Kamuzu Banda kunayamba mwaufulu atangotera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, ndipo anthu a m'maesiteti a tiyi, omwe thangata inawasautsa, anali ndi chifukwa chomveka chomuvinira. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 iye anakhala Mtsogoleri Wamuyaya, ndipo mayina a Ngwazi ndi Nkhoswe Nambala Wani anamveka pa wailesi tsiku lililonse. Buku la George Orwell la Nineteen Eighty-Four, lomwe linatuluka mu 1949, limasimba za nkhope ya wolamulira yomatidwa pakhoma lililonse; kuno chithunzi cha Kamuzu chinkapachikidwa m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse, popanda china choikidwa pamwamba pake.

Komabe pamene zinthu zinatembenukira ndi pa khadi la Malawi Congress Party, chifukwa linasandutsa chikondi kukhala chinthu chogula ndi choonetsa. Ayufi ovala malaya ofiira ankaima pakhomo la msika kapena pokwerera basi, ndipo mayi wosenza nthochi kapena zinanazi, akapanda khadi, ankabwezedwa ndi katundu wake pamutu. Akuluakulu ambiri amanenanso kuti amayi oyembekezera ankagulira khadi mwana wosabadwa.

A Mboni anakana kuligula, ponena kuti chikhulupiriro chawo sichiwalola kulowa ndale. Boma linaletsa mpingo wawo mu 1967, ndipo msonkhano waukulu wa chipani wa 1972 unagamula kuti achotsedwe ntchito. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, ena anaphedwa, ndipo zikwi zambiri zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, kuphatikizapo dera la Milange, kutsidya kwa chipata cha m'malire cha Muloza. Zambiri za nthawiyi zimachokera m'zolemba za a Mboni eniake, ndipo wina anganene kuti mwini nkhani sadziweruza yekha, koma malipoti a Amnesty International amagwirizana nazo pa mfundo zikuluzikulu, pomwe nyuzipepala za boma zinkangotcha a Mboniwo oukira. Otsatira Kamuzu amati olakwa anali anyamata achipani osamva, osati Ngwazi. Komatu chigamulo cha 1972 chinaperekedwa pamsonkhano wa chipani chake.

Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993, riferendamu ya pa 14 Juni itatha. Patapita zaka, Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo, anatsegulira manda aulemu a Kamuzu ku Lilongwe mu 2006, anabwezeretsa tchuthi cha pa 14 Meyi, ndipo nayenso anavomera kutchedwa Ngwazi.